Lachiwiri: kompyuta yanga inakana kuyaka

Magetsi anathima dzulo madzulo tili pakati pa ntchito, ndipo anabwera usiku shopu titatseka kale. M'mawa uno ndinafika ku shopu yanga pa Kamuzu Road kuno ku Salima dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha, ndinasesa, kenako n'kudina batani la kompyuta. Zii. Fani osazungulira, kanyali kobiriwira kaja osayaka.

Mtima unandigunda poganiza zimene zili m'katimo: mayeso a pakati pa teremu a sukulu ina ya pulayimale, makalata ofunsira ntchito a anthu, pulogalamu ya ukwati wa Loweruka. Pasanapite nthawi aphunzitsi anatsika pa kabaza.

"Mwadzuka bwanji achimwene? Mapepala anga aja atheka?"

"Pepani aphunzitsi, makina akana. Mundipatseko mpaka masana."

"Ndiye kuti zonse tinalemba zija zapita?"

Ndinawalimbitsa mtima kuti zolemba zimakhala mu hard disk, kachipangizo kosungira mafayilo, ndipo kompyuta ikakana kuyaka sikuti hard disk yafa ayi. Anapita, koma nkhope ikuonetsa kukayika.

Ine ndikamafufuza vuto lotere ndimayambira pakhoma, n'kumalowa m'kati pang'onopang'ono. Ndinalumikiza chaja ya foni pa soketi, moto ulipo. Mapulagi athu a mano atatu amakhala ndi fyuzi m'kati, ndipo nthawi zina chimene chapsa ndi kafyuzi kokhako. Choncho ndinazula nthambo ya magetsi ya sikirini, poti ndi yofanana, n'kuisomeka pa bokosi. Osayaka. Ndinayang'ananso kumbuyo. Makompyuta ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a kuno ndi a 230, ndipo munthu akakasunthira pa 115 makina amapsa nthawi yomweyo. Kanga kanali pamalo pake.

Ndinazula nthambo zonse, n'kugwira batani lija kwa kanthawi kuti moto wotsalira uthe, kenako ndinamasula chitseko cha m'mbali. Fumbi lake! Linali litamatirira pa fani ngati thonje la ku Chinguluwe, akangaude atamanganso pakona. Ndinanunkhiza kaye. Pa motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, panalibe fungo la kupsa, ndipo timigolo ting'onoting'ono tija, ma capacitor, tinali tosatupa pamwamba. Fungo linali kuchokera pa power supply, kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kumagawira zipangizo zonse za m'katimo.

Kuyesa power supply sikufuna zida zodula. Ndinazula cholumikizira chachikulu cha mawaya 24 pa motherboard, ndinawongola kawaya komanira mapepala, mbali ina ndinalowetsa pa bowo la waya wobiriwira, mbali ina pa la waya wakuda. Ukatero n'kusomeka pakhoma, power supply yamoyo imazunguza fani yake. Yanga inangokhala chete. Apa ndichenjeze anzanga: kabokosi kameneka musakatsegule kuti muone m'kati. Kamasunga moto ngakhale mutazula nthambo, ndipo kangathe kukuvulazani kwambiri.

Ndinawoloka msewu kupita kwa mnzanga wokonza mafoni, yemwe ali ndi makompyuta akufa ataunjikana pansi pa tebulo.

"Aise, ulibe power supply yoyenda pamenepa?"

"Tenga iyo uyese kaye. Ikagwira tikambirana."

Mwayi wanga ndi woti bokosi langa ndi la mtundu wamba wa ATX. Makina ena a Dell ndi HP ali ndi zolumikizira zawozawo, ndipo zikanakhala zimenezo bwenzi ndikukwera minibasi ya ku Lilongwe, tsiku lonse n'kutha.

Nditalumikiza power supply ya mnzangayo, fani inazungulira. Ndinatsala pang'ono kuvina, koma sikirini inakhalabe yakuda, makina akungolira kuti pii, pii, pii. Kulira kumeneku ndimakukonda, chifukwa kumasonyeza kuti motherboard ili moyo ndipo ikudandaula chinachake. Tanthauzo lake limasiyana malinga ndi kampani yopanga makinawo, komabe choyamba kuyang'ana ndi RAM, kachipangizo kamene kamasunga zinthu kwa kanthawi makina akamagwira ntchito. Ndinakankha timaloko ta m'mbali, n'kuichotsa, ndikuigwira m'mphepete mokha. Timano take tagolide tija tinali titachita dzimbiri lakuda. Ndinatipukuta mofatsa ndi labala wa pensulo mpaka tinayamba kuwala, ndinachotsa fumbi m'ngalande yake ndi kabulashi kouma, ndipo ndinaibwezera mpaka inalira kuti kwa! mbali zonse ziwiri.

Ndinadinanso batani. Pii kamodzi, zilembo n'kutulukira.

Panatsala kadandaulo kamodzi, koti tsiku ndi nthawi zasokonekera. Kameneko n'kabatire kozungulira ka CR2032, ka mavoti 3, kamene kamakhala pa motherboard. Ndinakonza tsiku pamanja, kabatireko ndigula mawa.

Chimene chakhala chikundiwawa tsiku lonse ndi ichi. M'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono kuno ku Salima ndaonamo makompyuta ataphimbidwa ndi nsalu pakona, chifukwa wina anangodina batani, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti "motherboard yapsa". Sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Eniake anakhulupirira, nanga akanatsutsa bwanji? Ndikukhulupirira kuti ena mwa makina amenewo akungofuna fyuzi, labala kapena power supply ina, pomwe ana amene akanaphunzirirapo akumaliza sukulu osagwirapo kiyibodi. Munthu amene wapatsidwa makina a mnzake kuti aone ayenera kuwayesa kaye asanalengeze maliro.

Aphunzitsi anabweranso cha m'ma 2 koloko, thukuta lili kamukamu. Anapeza pulinta ikutulutsa pepala la masamu a Sitandade 7.

"Zatheka achimwene?"

"Zatheka aphunzitsi. Palibe chasowa."

Asananyamuke ndinawaikira mayeso onse pa fulashi yawo, ndipo ndisanatseke ndinakoperanso mafayilo a makasitomala onse pa hard disk yapadera. Mnzanga uja tagwirizana kuti ndimulipira Lachisanu, a ukwati akandipatsa yanga. Yotsalayo ndigulira chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo pakadali pano ndikamatseka ndizizula pulagi pakhoma.