Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Usiku umene swabu imodzi inasowa

M'gawo lapitali ndinasiyira pamene a matroni anandichotsa ku wodi ya amayi oyembekezera n'kunditumiza ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Ndinapita mtima uli m'mwamba. Kusukulu ya unamwino tinadutsako ku fiyeta milungu yowerengeka chabe, ndipo ife ana asukulu tinkangoimirira kukhoma manja ali kumbuyo, kuopa kukhudza chinthu. Tsopano ndinali kupita kukakhala mwini nyumba. Chipatalacho sindichitchula dzina, koma chili m'boma la Zomba lomwe lino.

Amene anandilandira anali asisita achikulire, aafupi, olankhula motsitsa. Tsiku loyamba sanandionetse mpeni kapena lumo. Ananditengera pa sinki.

"Samba m'manja, mwanawe, ndione."

Ndinasamba monga mwa masiku onse. Anapukusa mutu, natsegula mpopi ndi chigongono, nayamba kundionetsa. Mphete ndi wotchi zichoke, zikhadabo zikhale zazifupi zopanda utoto. Sopo ayambire kunsonga za zala, chala chilichonse mbali zake zonse, kenako mkono mpaka chigongono. Manja akhale pamwamba nthawi yonse kuti madzi azitsikira kuchigongono, chifukwa akabwerera kuzala abweretsa litsiro lomwe wachotsa. Kusamba koyamba kwa tsiku tinkatenga mphindi 5 tikuyang'ana wotchi yapakhoma. Ukagunda mpopi ndi dzanja, wayambiranso. Tsiku limenelo ndinayambiranso kanayi.

Patatha milungu iwiri manja anga anali atachita ming'alu. Nditawaonetsa, asisita anandiuza kuti magolovesi amene timavalawa anayambira pa manja a namwino ngati ine. Cha m'ma 1890, pa chipatala cha Johns Hopkins ku America, namwino wa ku fiyeta dzina lake Caroline Hampton anatupa khungu chifukwa cha mankhwala osambira m'manja, ndipo dokotala William Halsted anapempha kampani ya Goodyear kuti imupangire magolovesi opyapyala a labala. Nkhaniyo inanditonthoza kuposa mafuta amene anandipatsa kuti ndizidzola.

Miyezi yoyamba ndinali runner, namwino amene savala gauni yoyera, yopanda tizilombo, koma amazungulira m'chipindamo kutsegula mapaketi, kubweretsa chosowa ndi kulemba pa bolodi. Kumeneko ndiye kusukulu kwenikweni. Ndinaphunzira kuti paketi ikatuluka mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, uyambe wayang'ana tepi ngati mizere yake yada, ndiponso kuti nthunzi imapha tizilombo ikafika madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, kapena 134 kwa mphindi 3. Paketi yonyowa sitiigwiritsa ntchito ngakhale tepi itada bwanji, popeza chinyezi ndi njira ya tizilombo. Gauni ya amene wasamba m'manja timaiyesa yoyera kutsogolo kokha, kuyambira pachifuwa kufika pa msinkhu wa tebulo, ndi mikono kufika m'zigongono. Msana wake si woyera. N'chifukwa chake anthu awiri ovala gauni akamapitirirana amatembenuzirana misana. Ndipo asisita anali ndi mawu amodzi amene ankabwereza mpaka tinkawalota: "Ukakayika, chotsa." Chinthu chimene sukudziwa ngati chakhudzidwa, chachoka pa trole ya zida basi, ngakhale chikhale chomaliza m'nyumbamo.

Koma chimene anachikonda koposa zonse chinali kuwerenga. Maswabu, tinsalu tija topukutira magazi m'mimba, amabwera asanu asanu. Namwino wosamba m'manja, woima pa trole, amawatambasula imodziimodzi, runner akuyang'ana, onse awiri akuwerenga mokweza, ndipo runner amalemba pa bolodi. Masingano, timipeni ndi zitsulo zonse chimodzimodzi. Pa siza timawerenga tisanayambe, timawerenga asanatseke chiberekero, timawerenganso asanatseke mimba, ndipo komaliza posoka khungu. Ine poyamba ndinkaona ngati n'kuchulutsa gaga m'diwa. Nsalu yaikulu ngati mpango wa m'manja ingasowe bwanji anthu asanu akuyang'ana?

Yankho ndinalipeza mu Januwale 2015, mwezi wa madzi osefukira uja. Mvula inagwa masiku otsatizana, mtsinje wa Likangala unadzadza, milatho ya kumidzi inakokoloka, ndipo amayi amene akanafika msanga ankafika atatheratu. Nthawi imeneyo n'kuti nditayamba kusamba m'manja ndi kuima pa trole ndekha.

Cha m'ma 1 koloko usiku anabwera naye mtsikana wa mimba yoyamba wochokera chakunyanja ya Chilwa. Matenda anamuyamba dzana lake, mwana osatsika. Anthu anamunyamula pa machira kudutsa m'madzi mpaka pamene ambulansi inatha kufika. Milomo inali itauma gwa, maso ali tuzu. Amene anamuperekeza anali agogo ake, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. Anandigwira mkono pakhomo la fiyeta.

"Anesi, ndi mwana wamasiye ameneyu. Ndam'lera ndekha."

"Khalani apa pa benchi, agogo. Tikamaliza ndibwera ndine kudzakuuzani."

Pakhoma la fiyeta yathu panali pepala la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mndandanda wa mfundo 19 umene unatuluka mu 2008. Umagawidwa patatu: wodwala asanagonetsedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndi wodwala asanatuluke m'chipindamo. Atauyesa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa za odwala ochitidwa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 mwa anthu 100 alionse. Ena mwa anzathu ankati pepalalo n'lotaya nthawi, makamaka usiku. Ine sindinagwirizane nawo ndipo mpaka lero sindigwirizana nawo, chifukwa kufunsa mafunso onsewo sikutha ngakhale mphindi ziwiri. Usiku umenewo tinafunsa: dzina lake ndi limeneli? Wasaina? Ali ndi mankhwala amene thupi lake limadana nawo? Kachipangizo koyezera mpweya m'magazi kali pachala ndipo kakulira? Mankhwala opha tizilombo alandira pasanathe mphindi 60? Magazi alipo akafunika? Botolo linalipo limodzi lokha.

Ogonetsa anamubaya jakisoni wa pamsana, miyendo inachita dzanzi, koma iye ali maso. Ndinamuyang'ana kudutsa pa nsalu yotchinga ija.

"Chemwali, mumva ngati akukukokani, koma ululu simuumva. Mukaumva mulankhule."

Tinawerenga ndi runner wanga, mtsikana wongobwera kumene: maswabu 10. Analemba. Amene ankachita opaleshoniyo anali clinical officer, monga zimakhalira pa masiza ambiri m'Malawi muno, ndipo tonse tinkangoti adokotala. Imeneyi inali siza yawo yachitatu chilowereni dzuwa.

Pa trole pali dongosolo lake. Mpeni sitipatsana pamanja, timauika m'kambale kuti mwini autenge yekha. Chitsulo china chilichonse umachiika m'dzanja la adokotala molimba, chogwirira chili kwa iwo, kuti asachotse maso pabala. Namwino wabwino amayang'ana m'bala momwemo kuti adziwe chotsatira asanapemphedwe: atsegula mimba, Doyen ikhale ili m'manja yotsekereza chikhodzodzo, mwana watuluka, zopanira mchombo ziwiri ndi lumo, kenako ma Green-Armytage ogwira m'mbali mwa chiberekero pamene pakutuluka magazi.

Mutu wa mwana unali utatsika kwambiri n'kukanirira. Adokotala analimbana nawo mpaka thukuta linanyowetsa chipewa. Atatuluka, mwanayo anali lobodo, osalira. Azamba anathamanga naye pa tebulo lawo nayamba kum'popera mpweya. Tonse makutu anali kumeneko. Nthawi yomweyo chiberekero, chotopa ndi masiku awiri aja, chinakana kukhwinyata, ndipo bala lake linali litang'ambikira mbali imodzi. Magazi anadzadza ngati chitsime cha m'dambo. Adokotala anaitanitsa oxytocin, mankhwala okhwinyatitsa chiberekero.

"Oxytocin wina! Maswabu!"

Tinatsegula paketi ina, tinawerenga asanu. Ina, asanu. Pa bolodi panafika 20. Matumbo ankatsikira pamalo osokapo, ndipo ndinaona adokotala akutenga swabu m'dzanja langa n'kuikankhira m'mwamba, mbali ya kumanja, kuti iwatchinge. Ndinaona ndi maso angawa. Lamulo ndi lakuti swabu ikalowa m'mimba unene mokweza kuti runner alembe, ndipo kachingwe kake upanire ndi chitsulo kuti kazionekera kunja. Sindinanene, sindinapanire. Ndinati ndinena ndikangopereka ulusi, kenako mwana analira kumbali kuja, kulira kofooka koma kulira ndithu, mtima wanga unapita komweko, ndipo za swabu zinandichoka m'mutu.

Cholakwa chachiwiri chinali pa kuwerenga kotseka chiberekero. Chifukwa cha magazi aja tinawerenga mothamanga, maswabu ena ali m'manja mwa adokotala, ena ali mulu m'beseni osatambasula, ndipo ndinavomera kuti akwana ndisanaone iliyonse payokha.

Magazi anasiya. Botolo lija linali likulowa. Adokotala anapumira m'mwamba natambasula dzanja kuti ndiwapatse ulusi wotsekera mimba. Tinayamba kuwerenga, tsopano mofatsa, runner akutambasula imodziimodzi pansi pa pepala la pulasitiki. Zisanu, khumi, khumi ndi zisanu. Mzere womaliza unali ndi zinayi. Tinabwereza. 19.

M'mimba mwanga munachita kuti myuu. Kunena zoona, ganizo loyamba limene linandifikira linali loipa: mwina tinalakwitsa polemba, mwina paketi ina inali ndi anayi, ndingokhala chete. Ndinali wamng'ono pa onse ovala gauni, adokotala anali atatopa, ndipo panja panali mayi wina akudikira tebulo lomwelo. Koma ulusi unali m'dzanja langa, ndipo dzanjalo silinapite.

"Adokotala, pepani, musatseke. Swabu imodzi yasowa."

"Yang'anani pansi, asisita. M'kati muno mulibe kanthu, ndayang'anamo."

Runner anayang'ana pansi pa tebulo, m'ndowa, pansi pa majombo athu, m'mbale ya nsengwa, ngakhale m'nsalu zimene azamba anakulungira mwana, poti nthawi zina swabu imapita ndi khanda. Ine ndinafunyulula nsalu zonse za pa trole. Osapezeka. Maswabu amakhala ndi kamzere kamene kamaoneka pa X-ray, koma usiku umenewo kujambula sikukanatheka. Ndipo pamene ndinali kuyang'ana bala lija, chithunzi chinabwerera: dzanja lawo likukankhira m'mwamba.

"Adokotala, munaika imodzi kumanja, kumtunda, potchinga matumbo. Ndinaona koma sindinanene. Kulakwa n'kwanga."

Anandiyang'ana pamwamba pa masiki kanthawi. Sanayankhe. Analowetsa dzanja mpaka pamfundo, napapasa m'mbali mwa thumbo lalikulu, ndipo anatulutsa chinthu chofiira, chokulungana ngati chibakera cha mwana. Mukanachiona simukanati ndi nsalu. Swabu ikamwa magazi imafanana ndi mnofu, imaterera n'kubisala kuseri kwa matumbo, ndipo diso silingaisiyanitse. Anaiponya m'beseni, runner anaitambasula, tonse atatu tinanena pamodzi: "20."

Ndimaganizabe za kumene nsalu ija ikanapita. Mtsikanayo akanatuluka patatha masiku ochepa, n'kubwerera kutsidya kwa madzi kuja. Kenako kutentha thupi, mimba kutupa, mafinya. Kwa ena nsalu imakhala miyezi, thupi n'kuikuta ngati chotupa, kapena imamatirira ku matumbo mpaka kuwatseka kapena kuwaboola. Kumudzi akanati walodzedwa, ndipo agogo aja akanagulitsa mbuzi kuyenda naye mwa asing'anga, pamene chomudwalitsa chinachokera m'dzanja langa.

Titamaliza kusoka khungu tinawerenganso, zonse zinakwana, ndinasaina m'buku. Adokotala akuvula magolovesi anati, "Mwachita bwino kundiimitsa. Ulendo wina muzinena ikamalowa." Ndinavomera. M'mawa ndinakafotokoza ndekha kwa asisita achikulire aja, mawu akunjenjemera. Sanandikalipire. Anatenga choko nalemba pakona ya bolodi mawu akuti "ZILI M'KATI", najambula mzere pansi pake, ndipo kuyambira tsiku limenelo swabu iliyonse yolowa m'mimba inkalembedwa pamenepo n'kufufutidwa ikatuluka. Kenako anandiuza kuti ndikagone.

Ndisanapite ndinakapeza agogo aja. Anali pa benchi pomwe paja, sanasunthe usiku wonse.

"Agogo, mdzukulu wanu wachira. Mwana wamwamuna, ali ku nazale akumuyang'anira, koma akupuma yekha."

Anagwada pa simenti yozizira ija nayamba kuomba m'manja chapansipansi. Za swabu sindinawauze tsiku limenelo. Ndinadzamuuza mwini wakeyo pa tsiku lachitatu, pamene ndinapita ku wodi kukaona bala, chifukwa ndinaona kuti thupi ndi lake ndipo ayenera kudziwa. Anamvetsera, nayang'ana bandeji, nafunsa chinthu chimodzi chokha: "Ndiye munaichotsa?" Ndinati eya. Anabweza bere m'kamwa mwa mwana.

Patapita miyezi iwiri, madzi ataphwa, mlonda anandiitana kugeti. Agogo aja anali ataima ndi kathumba ka matemba ouma a ku Chilwa, atakulunga m'chitenje. Ndinayesa kukana, iwo anangondipanikiza nako pachifuwa. Madzulo ake kunyumba ku Chinamwali tinadyera nsima matemba amenewo, otendera.

M'gawo lotsatira ndidzakamba za usiku umene magetsi anazima mimba ili yotsegula, ndi mmene tinamalizira ndi matochi a m'mafoni atatu.