Nyemba imamera ndi kamba wake, manyowa a nyongolotsi amabwera pambuyo

Mtima wakhala pansi tsopano. Chimene chinkandizunguza pa zoyesera zathu za kusukulu n'chakuti nyemba zofesedwa m'manyowa a nyongolotsi okhaokha zimamera mochedwa, zina osatuluka n'komwe, pamene za m'dothi lothiridwa manyowa pang'ono zimatuluka bwinobwino. Yankho lili m'njere momwemo. Sabata yoyamba nyemba sidya za m'dothi, imadya kamba wa m'zibanthu zake ziwiri zija. Kunja imangofunako madzi, mpweya, kutentha ndi dothi lofewa loti kakhosi kopindika kaboole n'kukokera zibanthuzo pamtunda.

Ndiye pa masiku 5 mpaka 8 amenewa manyowa si chakudya ayi. Akakhala ochepa amasunga chinyezi, ndipo dothi la pamwamba siliuma gwa ngati phale. Akachuluka amabwera ndi mchere wosungunuka, mcherewo n'kukanirira madzi moti njere imalephera kumwa chubu chili chonyowa. Nyemba sipirira mchere: EC ya dothi, womwe ndi muyeso wa mchere wa m'dothimo, ikapitirira 1 dS/m zokolola zimayamba kutsika. Manyowa osapsa, amene nyongolotsi za Eisenia fetida sizinamalize kugaya, amakhalanso ndi amoniya wowotcha kamuzu koyamba. Okhaokha amasunganso madzi ambiri, njere n'kuwolera pansi. Kumera ndi nkhani ya madzi, kukula ndiye nkhani ya chakudya, ndipo phindu la manyowa limaonekera zibanthu zikafota, masamba a nthambi zitatu atatuluka.

Kwa ine palibe njira yoposa kusakaniza ndi kapu: kapu 1 ya manyowa osefa pa makapu 4 a dothi, njere pa kuya kwa masentimita 3 kapena 4, mbewu ya mtundu umodzi, kaya Kholophethe kaya NUA 45. Muike pambali machubu opanda manyowa, ena a theka ndi theka, ena a manyowa okhaokha, madzi ofanana. Zomera ziwerengedwe m'mawa uliwonse, chifukwa wowerenga tsiku lomaliza lokha saona kuti zina zinachedwa. Tsiku la 21 musadalire kutalika, mbande ya pamthunzi imatalika ili yowonda. Zulani, tsukani mizu, umitsani, muyeze pasikelo. Ndikuona ngati kapu imeneyi ingayankhe pafupifupi funso lililonse la manyowa.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi amaika kumera ndi kukula pa tebulo limodzi la zotsatira, osanena kuti zimayendera zinthu zosiyana. Mawu awiri okha akanatipulumutsa masabata angapo. Teremu nayo imatha nyemba zisanachite maluwa, lipoti n'kulembedwa za mbande zokhazokha.

Pamene sindinamasukepo ndi pa timibulu ta pamizu, momwe mumakhala mabakiteriya opatsa nyemba nayitirojeni, tofiira m'kati tikamagwira ntchito. Manyowa akachuluka timachepa. Kaya ndi nayitirojeni wambiri amene akuchititsa nyemba kusalabadira mabakiteriya ake, kaya ndi mchere womwe uja, magulu anayi okha a machubuwa sangasiyanitse, ndipo momwe ndingazipatulire ziwirizi sindinapeze.