Zomatira zosaoneka m'thupi la mwamuna

Ine zimandiwawa banja likasowa mwana n'kumangoloza chala mkazi. Nthawi zina vuto limakhala m'machende, pepani kutchula, momwe mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime. M'menemo maselo a Sertoli, omwe amalera mbewuzo, amamatirana ndi mapuloteni ngati claudin-11, n'kupanga mpanda woletsa chitetezo cha m'thupi kuukira mbewu zanthetezo. Mbewa zamphongo zopanda claudin-11 sizibereka.

Chondigometsa kwambiri chili padzira la mkazi. Puloteni ya mbewu, IZUMO1, iyenera kugwirana ndi JUNO, puloteni ya dziralo, yomwe asayansi anaitulukira mu 2014. Pa mbewa zopanda IZUMO1, mbewu imaoneka bwinobwino, imasambira, imafika, koma siphatikana ndi dzira. Kupima kwa nthawi zonse, kongowerenga mbewu ndi kuona kayendedwe kake, sikungagwire vuto lotere.