Mmene tinayambira kuwerenga ndi ana Loweruka ku laibulale

Anandiyambitsa zonsezi ndi mwana wa mchemwali wanga. Ali Sitandade 3 ndinamupatsa kabuku ka nthano kuti andiwerengere, ndipo anamaliza tsamba lonse osaphonya phatikizo ngakhale limodzi. Nditamufunsa kuti, "Nanga Kalulu uja anabisala kuti?" anangondiyang'ana. Patsambapo panali mawu akuti nkhokwe. Anawatchula bwinobwino, koma nkhokweyo sanaionepo chibadwire, poti kwathu kuno kutauni chimanga timasunga m'matumba. Zinandikhudza kwambiri, moti Lolemba lotsatira ndinalawirira ku laibulale.

Laibulale yathu ndi yaing'ono. Ili ndi chipinda chimodzi chachikulu chimene mumadzaza ana a sekondale, ndi kangodya ka ana aang'ono kokhala ndi mashelefu awiri. Mabuku ambiri pamenepo ndi a Chingerezi, ofika kuchokera kunja kudzera m'mabungwe ngati Book Aid International. A Chichewa ndi owerengeka, ena mwa iwo ndi aja a Werengani amene bungwe la National Library Service linasindikiza. Bambo oyang'anira laibulaleyo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mayi, ganizo ndi labwino, koma mutilembere kalata." M'kalatamo anafuna tsiku, nthawi, chiwerengero cha ana, misinkhu yawo, ndi dzina la wamkulu amene adzayankhe mwana akavulala kapena buku likang'ambika. Anandiuzanso mosabisa kuti m'chipinda chachikulu sitingalowemo, chifukwa ana a Fomu 4 okonzekera mayeso a MSCE safuna phokoso. Tinagwirizana za pakhonde, Loweruka kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko m'mawa.

Yankho likudikiridwa, ndinapita kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya pulayimale yoyandikana nafe, kwa amfumu a dera lathu, ndipo uthenga unalengezedwa kutchalitchi ndi kumzikiti. Ndinapempha kuti tsiku loyamba mwana aliyense abwere ndi kholo kapena womulera. Ndinapezanso anthu awiri ondithandiza, mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndi mnyamata amene anali atangomaliza Fomu 4. Pa ichi sindigonja: munthu wamkulu asamakhale yekha ndi ana a eni ake, ngakhale atakhala wodziwika bwanji m'deralo.

Tsiku loyamba ndinakonzekera ana 20. Anabwera oposa 60, ena atabereka azing'ono awo kumsana. Mikeka itatu imene ndinabwereka sinakwane. Sitinawerenge chilichonse cholongosoka tsiku limenelo. Tinangolemba mayina m'kaundula, n'kuwafotokozera nthano imodzi, n'kuwauza kuti tidzawagawa m'magulu awiri osinthana masabata. Kubweza mwana amene wabwera yekha kudzafuna buku n'chinthu chowawa, ndiye kugawa kunali kwabwino kusiyana ndi kutseka chitseko.

Pogawapo ndinalakwitsa poyamba. Ndinawaika potsata makalasi awo, koma Loweruka lachiwiri lomwe zinaonekeratu kuti kalasi sinena zambiri. Panali mtsikana wa Sitandade 2 wowerenga mosadodoma, panalinso mnyamata wa Sitandade 5 amene ankasokoneza b ndi d. Amayi aphunzitsi aja ndi amene anandiwongolera. Tinakhala ndi mwana aliyense payekha kwa mphindi zitatu kapena zinayi, n'kumuonetsa pepala la malembo, kenako la maphatikizo, kenako mawu, pomaliza kandime ka ziganizo zinayi ndi mafunso awiri. Pamene waima ndi pamene tinamuika. Magulu a kawerengedwe amenewa, a oyamba, apakati ndi otsogola, tinawatcha mayina a mbalame kuti wamkulu amene ali m'gulu la oyamba asachite manyazi, ndipo mnyamata wa Sitandade 5 uja tinamupatsa udindo wogawa makadi.

Zipangizo sitinagule zambiri. Makatoni tinapempha kugolosale n'kuwadula timakadi, pa kadi lililonse n'kulemba phatikizo limodzi ndi cholembera chachikulu chakuda. Zotsekera za mabotolo tinalembamo malembo. Ndalama zinapita pa choko, makope ndi mapensulo basi, ndipo kope lililonse tinalidula pakati kuti likwanire ana awiri.

Tsopano Loweruka lathu limayenda chonchi. Timayamba ndi ndagi kuti ochedwa atipeze tisanalowe m'buku. Ndikati, "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo," khonde lonse limafuula kuti dzira, ndiye ndimawapempha kuti abweretse zawo zimene amva kwa agogo. Kenako ndimawerenga nthano mokweza. Ngakhale ili m'buku ndimayamba ndi "Padangokhala," iwo n'kuvomera "Tili tonse," chifukwa mwana akavomera choncho amadziwa kuti nkhaniyo ndi yakenso. Ndisanayambe ndimakhala nditasankhiratu mawu atatu kapena anayi ovuta a m'nkhanimo. Oposa pamenepo sakhala m'mutu. Nthano ikatha timagawana m'magulu: oyamba amalumikiza makadi kupanga mawu, apakati amawerenga awiriawiri, otsogola amawerenga okha n'kudzatifotokozera ndi mawu awoawo.

Kwa oyamba, Chichewa chili ndi ubwino wake. Mawu amalembedwa monga amamvekera, ndiye mwana akagwira a, e, i, o, u ndi ba, be, bi, bo, bu amathamanga msanga. Kusukulu akuphunzira kale maliwu a malembo kudzera mu National Reading Programme, pulogalamu imene boma linayambitsa mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, choncho ife sitibweretsa njira ina yoti iwasokoneze. Amapunthwa akafika pa maphatikizo a malembo anayi kapena asanu, monga mpha, nkhwa, ntcha ndi tswa, komanso pa kusiyana kwa nga ndi ng'a. Pa ichi ndimalemba ngoma ndi ng'ombe pabolodi, tonse n'kugwira pakhosi ndi pamphuno potchula kuti timve pamene liwu likutulukira. Kachizindikiro kaja pamwamba pa g amakaiwala kwa masabata angapo, ndipo sitiwakalipira.

Mbali imene ndimaikonda, imenenso ndikuona kuti ndi mtima wa ntchito yonseyi, ndi ya mawu. Mawu atsopano sindiwamasulira ndi pakamwa pokha. Sabata ina tinakumana ndi chiganizo chonena za mayi amene ankapeta mphale. Ndinafunsa kuti mphale n'chiyani, manja anakwezedwa awiri okha. Loweruka lotsatira ndinabwera ndi lichero, kamtondo kakang'ono ndi munsi wake, chimanga chosakonola m'mbale ina, mphale m'mbale ina, gaga, mgaiwa ndi ufa woyera. Ana anagwira, ananunkhiza, ena anayesa kupeta n'kumwaza gaga pamkeka ponse. Tinandandalika ntchito zonse motsatana: kutonola, kukonola, kupeta, kuviika, kuyanika, kusinja kapena kupita kuchigayo. Tsiku limenelo mawu oposa khumi analowa popanda kuloweza, ndipo mtsikana wina amene sanalankhulepo chiyambire ndi amene anatikonza kuti kwawo gaga amati madeya. Tinalemba onse awiri. Mwana akabweretsa mawu a kwawo, kaya ndi a Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, timawalemba pambali pa a Chichewa, sitimuuza kuti walakwa.

Timaseweranso ndi mawu olembedwa mofanana koma osiyana tanthauzo. Ndinalemba mtengo pabolodi n'kufunsa kuti ndi uti, wa mango kapena wa shuga kumsika. Anatsutsana kwa nthawi ndithu mpaka anaona okha kuti potchula mawuwo amakwera mosiyana, ndipo polemba chimene chimakuuza ndi chiganizo chonse. Pamenepo ndi pamene ana ena anayamba kuwerenga akuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawu, osangoti phatikizo ndi phatikizo.

Aliyense ali ndi kope lake la mawu. Amalemba mawuwo, amajambula chithunzi, n'kupanga chiganizo chake. Ntchito ya kunyumba ndi imodzi yokha: kukafunsa munthu wamkulu mawu amodzi amene iwo sawadziwa, n'kudzatiphunzitsa. Mwa njira imeneyi agogo ndi makolo osadziwa kuwerenga nawonso ali ndi gawo.

Makolo ena anandifunsa kuti, "Anti, bwanji osangowaphunzitsa Chingerezi?" Funso lawo ndi lomveka, chifukwa kuyambira Sitandade 5 mabuku a masamu, sayansi ndi maphunziro ena amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Chingerezi timachita, theka la ola lomaliza, ndi mabuku a zithunzi aja. Koma ndaona ndi maso anga kuti mwana amene wazolowera kufunsa tanthauzo m'chilankhulo chake amafunsanso akafika pa Chingerezi, pamene wongoloweza amangoloweza konsekonse. Mabuku akunja ndimawasankha mosamala. La chipale chofewa ndi masitima apansi pa nthaka limafuna kufotokoza kwambiri, ndiye oyamba ndimawapatsa a nyama, chakudya ndi banja.

Zovuta zilipo. Nthawi ya dzinja mvula imawomba pakhonde ndipo timathawira m'kangodya kaja, tikunong'ona. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ana ena amabwera osadya kanthu, ndipo pofika 10 koloko amakhala akusinza. Makolo angapo anagwirizana zosonkha ufa kuti tiziphika phala, ndipo limaphikidwa panyumba ina yapafupi chifukwa moto ndi chakudya siziloledwa pafupi ndi mabuku.

Kubwereka mabuku kupita nawo kunyumba tinayamba patatha miyezi itatu. Bambo a kulaibulale anali ndi nkhawa, inenso ndinali nayo. Tinagwirizana kuti kholo lisayine fomu ya umembala, mwana atenge buku limodzi kwa sabata imodzi, ndipo alinyamule m'jumbo ya pulasitiki poopa mvula ndi manja a ndiwo. Tinawaphunzitsa kusamba m'manja, kutsegula tsamba pangodya popanda malovu, ndi kuika kapepala pamene alekezera. Mabuku awiri anabwera atang'ambika, tinawamata limodzi ndi eni ake pakhonde pomwepo. Limodzi linasowa, ndipo mayi a mwanayo anabwera okha kudzapepesa.

Kumapeto kwa teremu timabwereza kayeso kaja ka mphindi zitatu, ndi pepala lomwe lija, kuti tione amene asunthe gulu. Mwana wa mchemwali wanga tsopano ali m'gulu la otsogola. Mabuku a Chichewa a pashelefu anawamaliza onse, ena kawiri, ndiye iye ndi anzake ayamba kulemba nthano zimene amva kwa agogo awo. Timazikonza limodzi, mnyamata wotithandiza uja amazitayipa pakompyuta, ndipo timazisoka ndi ulusi m'zikuto za katoni. Pano tili ndi timabuku 7, ndipo Loweruka likubwerali gulu la apakati liyamba kuwerenga koyamba mwa timeneti.