Game Boy ikakana kuyaka, yambirani ku mabatire

Pophunzira kukonza timakina tamasewera ta m'manja, chimene ndachigwiritsa ndi ichi: kachipangizo kamene anthu amati kafa nthawi zambiri kamangokhala kuti magetsi sakufika pa bolodi, kathabwa ka m'kati kokhala ndi tizipangizo tamagetsi. Game Boy yoyamba ya Nintendo, ya mu 1989, ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa m'kati mwake zonse zimaoneka poyera.

Imayenda ndi mabatire anayi a AA, onse pamodzi mavoti 6. Musanamasule chilichonse, ikani mabatire atsopano ndipo yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa zitsulo ziwiri zakumapeto. Ngati mavoti sakukwana, yang'anani masipuling'i. Batire likakhalitsa m'kati limatuluka madzi a potassium hydroxide, amene amauma n'kusiya ufa woyera pa zitsulo, ndipo ufa umenewu umatsekereza magetsi. Viniga woyera ndiye amausungunula. Zulani zitsulo zimene zimazuka, ziviikeni mu viniga mphindi zochepa mpaka thovu litasiya, zitsukeni ndi mswachi wakale, kenako pukutani ndi isopropyl, sipiriti wotsukira zamagetsi, ya 90% kapena kuposa. Viniga akatsalira amadyanso chitsulo, ndiye kupukuta komalizaku musakudumphe.

Kumbuyo kuli masikuluwu asanu ndi imodzi, awiri obisika m'nyumba ya mabatire. Ambiri ndi a nsonga zitatu, otchedwa tri-wing. Mukawakakamiza ndi chomasulira wamba mutu umaphwanyika, ntchito n'kukula. Potsegula musakoke. Mbali ziwiri za makinawo, yakutsogolo ndi yakumbuyo, zalumikizidwa ndi kalamba kopyapyala ka timawaya kamene kamangosololedwa pang'onopang'ono.

Mabatani osamva ndi nkhani yaying'ono. Pansi pa batani lililonse pali labala wokhala ndi kadontho kakuda ka kaboni. Pukutani kadonthoko ndi malo ake pa bolodi ndi kathonje konyowa ndi isopropyl. Gemu ikamaima pa dzina la Nintendo losokonekera, vuto ndi litsiro pa mano 32 a katiriji, kabokosi ka gemu kolowetsa kumbuyo. Pukutaninso, osauzira mpweya, chifukwa chinyezi cha m'kamwa chimabweretsa dzimbiri.

Chimene chimafuna mtima wodekha ndi mizere yoimirira yosowa pa sikirini. Galasilo silinawonongeke. M'munsi mwake muli kalamba kabulauni kokhala ndi tinjira tambirimbiri, ndipo m'kupita kwa zaka tina timalekana ndi pomwe tinamatidwa. Chotsani kalabala kotchinga pamenepo, yatsani makina ali chotsegula, ndipo tembenuzani kagudumu ka contrast mpaka sikirini ide yonse, kuti mizere yosowayo iwoneke yoyera. Tenthetsani chowotcherera (soldering iron) mpaka madigiri 300 a Celsius kapena kupitirira pang'ono, ndipo yendetsani nsonga yake uku ndi uku pa kalambako, pansi pa mzere wosowawo. Osaimitsa nsonga malo amodzi, osapondereza, osakhudza galasi. Mudzaona mizere ikuthwanima, ina yosowa yatsopano ikuoneka. Musachite mantha, dikirani pazizire, chifukwa mzere umabwerera pamene malowo akuzizira. Bwerezani ngati wina watsala. Mizere yopingasa ndi ina: kalamba kake ka m'mbali n'kosalimba ndipo moto umakapsereza msanga. Ine ndimaona kuti pamenepo kuli bwino kusintha sikirini yonse kusiyana ndi kuwononga bolodi yabwino.

Ngati zonsezi zachitika koma nyali yofiira siikuyaka, tsikirani pa swichi. Donthezanimo isopropyl ndipo ikankheni uku ndi uku kangapo. Pa Game Boy Color ya mu 1998, yomwe imayenda ndi mabatire awiri okha, yezaninso timafyuzi F1 ndi F2: multimeter ikalira posonyeza kuti magetsi akudutsa, fyuzi ndi yamoyo. Yakufa isinthidwe ndi inzake ya mlingo womwewo. Kulumikiza ndi waya kumayatsa makina lero, koma chimene chinapsereza fyuziyo chidzapsereza zina zodula.