Sizasi ya alamu yadutsa pa columbine wanga

Mtima sunakhale pansi mpaka pano. Alamu anabwera masana kudzationa, ine ndili m'nyumba, iwo n'kutenga sizasi ati akonzeko pa maluwa. Potuluka ndapeza columbine yense, maluwa anga a pansi pa mtengo, atametedwa, timakoko ta njere tili m'ndowa, tambiri tikadali tobiriwira.

"Alamu, mwatani kodi?"

"Maluwa anatha kale awa, alamu. Zotsalazi zikungonyansitsa pakhomo."

Ndinayesa kufotokoza modekha, ngakhale mawu ankanjenjemera. Columbine sakhalitsa. Tsinde limodzi limakhala zaka 3 kapena 4, kenako limafooka n'kufa. Chimene chimamusunga pamalo ndi njere zodzigwera zokha. Timakoko tikauma timayasama pamwamba, mphepo ikagwedeza, tinjere takuda tonyezimira timamwazika pansi n'kugona m'nthaka chisanu chonse. Popanda kuzizidwa kaye sitimera bwino, n'chifukwa chake ogula za m'paketi amaziika mufuriji masabata 3 kapena 4 asanafese. Tsono kambewu kakamera, chaka choyamba ndi masamba okhaokha, maluwa amadza chaka chachiwiri chisanu chikangotha. Ndiye kuti sizasi ya leroyi yandidyera zaka ziwiri.

Iwo sanagonje. Ati ukadula maluwa ofota chomeracho chimatulutsa ena. Inde, koma ukadula msanga, osati pano nyengo yake itapita. Ati njerezo n'zapoizoni, ana angatole. Zoona, njere ndi mizu yake sizidyedwa, koma pano mwana wokwawa palibe. Kenako anaponya ina imene yandisowetsa tulo:

"Nanga ana ake amafanana ndi make? Mudzangokolola zofiirira zokhazokha."

Apa ndinakhala chete. Columbine amasakanikirana mosavuta. Njuchi zimatenga mungu uku n'kukausiya uko, ndipo ana a mitundu yokongola ija ya m'paketi nthawi zambiri amabwerera ku mtundu wamba, ngati Aquilegia vulgaris wa ku Europe wa maluwa a timichira tokhota. Wofiira ndi chikasu uja, Aquilegia canadensis wa ku North America, sungalumbire kuti mwana wake adzatuluka chimodzimodzi akakhala pafupi ndi anzake.

Koma ine n'zimene ndimakonda! Kudikira osadziwa kuti kamene kamera pakati pa miyala kadzavala mtundu wanji. Kaya ndi ukalamba ukuyamba, kaya. Masiku ano chilichonse chokonzedwa mwa mzere chimanditopetsa, ngakhale kabati ya zovala. Munthu ungafotokoze bwanji zimenezi kwa mlamu amene wagwira sizasi ndi mtima wabwino?

Asananyamuke anaonanso timizere toyera tokhotakhota pa masamba, ati chomerachi chadwala, tichizule. Ndi timphutsi ta kantchentche timene timadya m'kati mwa tsamba, sitipha chomera. Ukathothola masamba oipawo n'kuwataya kutali, atsopano amaphuka. Anafunanso kusamutsira tsinde lalikulu poonekera, padzuwa. Apo pokha ndinakana kwamtuwagalu. Muzu wake ndi wautali, wolunjika pansi, sufuna kusunthidwa, komanso duwali limasangalala pa kamthunzi.

Ati abweranso Loweruka kudzamaliza mbali ya kuseri, kumene kwatsala timakoko tochepa. Ine pakamwa panangotuluka "zikomo alamu, muyende bwino." Bambo a kunyumba sindinawauze. Alamuwo ndi mchemwali wawo, ndipo ndikudziwa kale mbali imene adzaime.