Zikomo nonse, mayi a kunyumba ayambanso kumwetulira

Abale ndi alongo, lero ndabwera kudzathokoza. Ambiri mukudziwa kuti mayi a kunyumba atachotsedwa chotupa cha mkati mwa khutu kuno ku Johannesburg, mbali yakumanzere ya nkhope yawo inafooka. Mtsempha woyendetsa nkhope unawonongeka. Diso silinkatseka, tiyi ankatayikira m'mbali mwa mlomo, mpaka anasiya kupita kukwaya.

Chimene chawathandiza ndi kamtsempha kochepa kwambiri kotchedwa masseteric nerve. Ikani chala patsaya, pafupi ndi khutu, kenako lumani mano mwamphamvu. Mnofu umene ukutukumukawo ndi masseter, wotafunira, ndipo kamtsemphaka ndi kamene kamaulamula. Kamachokera ku nthambi yachitatu ya trigeminal nerve, mtsempha wa nambala 5 mwa mitsempha 12 ya m'mutu. Nthambiyo imatuluka m'chigaza pakabowo kotchedwa foramen ovale, ndiye kamtsemphako kamadutsa pampata wa pamwamba pa fupa la nsagwada n'kulowa mumnofuwo chamkati. Madokotala amakapeza pafupifupi masentimita 3 kutsogolo kwa khutu, sentimita 1 pansi pa fupa la tsaya. Anakadula n'kukalumikiza ku mtsempha wa nkhope, wa nambala 7, ngati mmene amamezanitsira mango.

Ine mantha anga anali pa kudya. Adokotala anandikhazika mtima pansi kuti minofu ina yotafunira, monga temporalis ndi iwiri yotchedwa pterygoid, imapitiriza ntchito yotafuna. Zoonadi, chimanga chootcha akukukuta bwinobwino.

Kudikira ndiye kunali kowawa, chifukwa mtsempha umakula pafupifupi milimita 1 patsiku. Patapita miyezi, tsiku lina akutafuna nsima, mwana wathu wamkulu anaona mlomo ukukwera pang'ono. Anakuwa, tonse tinalira. Panopa akafuna kumwetulira amayamba aluma mano, ndipo a mafizo akuwaphunzitsa pagalasi kuti ubongo uzolowere.

Adokotala amene munagwira ntchito yosamalitsa chonchi, anamwino ndi a mafizo, Mulungu akudalitseni. Apongozi anga, munasiya munda nthawi yokolola kudzasamala adzukulu, sindidzaiwala. Amayi a kutchalitchi amene munkabwera ndi phala ndi mapemphero, achimwene a m'gulu lathu la Amalawi amene munasonkha ya thiransipoti osadikira kupemphedwa, zikomo kwambiri.

Diso likufunikabe mankhwala odonthezera tsiku lililonse, ndipo mafizo akupitirira. Musatope kutipempherera.